Amayi anagwa ku Dómuè, opaleshoni inatheka koma akukana kudzuka

Nachisale (Moatize):
Zikomo a pagulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani ya amayi anga, mwina ena munakumana nazo. Ali ndi zaka 76, kwawo ndi ku Dómuè. Kumapeto kwa Julayi anaterereka m'bafa m'mamawa. Mukuwadziwa mabafa athu a udzu aja, pansi miyala yodzaza ndere ndi sopo, ndiye ndi chisanu cha ku Angónia munthu umasamba mothamanga. Anagwera kumanja, osathanso kudzuka. Anawapeza ndi mdzukulu wawo akubuula, ndowa ili uko.

Anakhala masiku anayi pakhomo akuwathowa ndi madzi otentha, ati angobinya. Ine pofika ndinapeza mwendo wakumanja wafupika, phazi lagonera kunja. Ku Ulongwe atajambula anati fupa la ntchafu lathyoka kumtunda kwenikweni, pakhosi pake, pamene limalowera m'chiuno. Anatilembera kalata yopita ku Tete, kumeneko anachotsa kamutu ka fupako n'kuika kachitsulo.

Pano ali kwanga, sabata yachinayi chitulukire m'chipatala. Bala lapola, ulusi anachotsa. Koma akukanitsitsa kudzuka. Andarilho tinagula, chogwirira cha miyendo inayi choyendera chija, ili pakona, ana ayamba kuyanikapo mayunifomu. Ukawauza zoimirira amangotembenukira kukhoma. Kudya akungolawa, madzi akukana. Amayi amene ankakolola okha mbatata ya kachewere n'kukagulitsa pamsika, lero sayankhula n'komwe. Ndichite bwanji?

Mai a Dalitso (Ulongwe):
Pepani achemwali. Tili nanu m'mapemphero.

Chikondi wa Txopela:
Asiyeni apume kaye, fupa la munthu wamkulu silichedwa kuthyokanso. Akalimba adzadzuka okha

Nabanda (namwino):
Achimwene a txopela, pepani, apo ndikutsutsani. Kugonako ndi kumene kumatitengera agogo ambiri, kuposa kuthyokako. Opaleshoni yoika chitsulo amachitira dala kuti munthu aime msanga, ambiri timawaimiritsa tsiku lotsatira lomwe. Wokalamba akagona masabata, minofu ya m'ntchafu imaphwa mofulumira kwambiri, makhololo amadikha m'chifuwa n'kubweretsa chibayo, magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, khungu limabooka.

aNachisale, usiku uno yang'anani izi. Katumba wa mwendo umodzi ngati watupa, watentha, akupweteka mukamukhudza, kapena amayi akubanika mwadzidzidzi, musadikire kuche, pitani kuchipatala. Chimodzimodzi ngati thupi latentha, balalo latulutsa madzi, kapena mwendo wafupikanso ndipo ululu wakula. Kenako avuleni muone kumunsi kwa msana, m'matako ndi zidendene. Pakakhala pofiira kapena pakuda mosiyana ndi khungu lina, chilonda chayamba. Azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, pilo ali pakati pa mawondo.

Ndifunsenso, pogwapo anamenyetsa mutu? Akumwa mankhwala anji?

Nachisale (Moatize):
Ndaona, katumba ali bwino. Kumsana kuli kofiira pang'ono ngati kandalama. Mutu akuti sanamenyetse. Amamwa a BP kuyambira kale, ndiye mlamu wanga anawagulira diclofenac pamsika, akumwa awiri patsiku.

Nabanda (namwino):
Diclofenac ameneyo musiyeni lero lomwe. Kwa munthu wa zaka 76, wa BP, amenenso sakumwa madzi, amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Paracetamol ndiye woyamba, pa mlingo umene anakulemberani kuchipatala, ndipo muziwapatsa patatsala theka la ola kuti aimirire. Akapanda kugwira bwererani mukanene, osati kumsika.

Kandalama kofiirako musasisite. Pasakhudze matiresi basi, ndipo pazikhala pouma.

Za mutu ndafunsa chifukwa okalamba magazi amatha kudontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, zizindikiro n'kudzaoneka patapita masabata: kusinzasinza, kusokoneza mawu, mutu wosaleka. Mukaona zimenezo si ukalamba ayi.

Phiri wa ku Joni:
Ine ndine mchimwene wake wa Nachisale, ndili ku Johannesburg. Mlongo wanga sananene zonse. Amayi asamba m'bafa limene lija zaka 30 osagwa. Agwa chaka chomwechi chimene takangana ndi anthu ena za malire a munda wa kudambo. Ine ndinanena kuti akatuluka m'chipatala apite kumudzi akaonedwe ndi anthu odziwa, awateme mphini. Za azungu zachitika, zatsala zathu. Munthu wopola bala koma osadzuka, inu simukuona kuti wamangidwa?

Nachisale (Moatize):
Achimwene, nkhani za kubanja pagulu pano?

Phiri wa ku Joni:
Wayamba ndiwe

Aphunzitsi Jere (Tsangano):
Ana anga, dikirani. Ndiyankhuleko ine amene ndinagonapo pabedi limenelo.

Ndinagwa mu 2019 ndili ndi zaka 67, ndikufolera nkhokwe. Makwerero anali a bulugamu wofumbwa, ndinkadziwa, koma ndinkati ndakwerapo kangati. Ine sanandiike chitsulo. Anandikoka mwendo ndi chingwe, cholemera chikulendewera kumiyendo kwa bedi, masabata asanu ndi awiri ndikuyang'ana malata. Ndinawerenga misomali yonse ya padenga la wodi ija. Tsiku limene anamasula chingwe ndinayang'ana mwendo wanga osauzindikira, unali ngati bango.

Chimene anthu athanzi simuchidziwa ndi ichi. Ukagwa kamodzi ukalamba, pansi pamasanduka mdani. Ukakhala pamphepete pa bedi n'kuyang'ana simenti, pamaoneka kutali ngati uli pa mlatho wa Samora Machel ukusuzumira Zambezi. Thukuta kamukamu, mtima phaphapha. Mwana wako akukuuza kuti "imani bambo, ndakugwirani", iwe ukuona timanja take n'kumati uyu tigwera limodzi. Ndiye umanama kuti ukumva ululu, chifukwa mwamuna wamkulu kunena kuti ndikuopa pansi n'zochititsa manyazi.

aPhiri, nanenso abale anga anatchula dzina la munthu. Ndinawaletsa. Amene anandigwetsa ndi anankafumbwe a m'makwerero ndi liuma langa. Bungwe la WHO limati mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu amagwa chaka chilichonse, ndipo pa dziko lonse anthu pafupifupi 684,000 amafa pachaka chifukwa cha kugwa. Onsewa anakangana za malire a munda? Bafa ndi lomwe lija, inde, koma maso si omwe aja, miyendo si yomwe ija. Ndiponso amayi akasiya kusamba kumwezi mafupa awo amayamba kufumbwa mkati mosaoneka, n'chifukwa chake kugwa kumene mtsikana angadzuke n'kusasa fumbi, gogo kumamuthyola.

Nanga mukatchula dzina, nthawi zambiri amene amalozedwa chala ndi nkhalamba inzawo ya m'mudzi momwemo. Tisawonjeze wodwala wachiwiri.

Nabanda (namwino):
Zikomo aphunzitsi. Za mphini ndiwonjezere mwachindunji: pafupi ndi chitsulo pasadutse lezala. Tizilombo tikalowa n'kufika pachitsulocho, mankhwala akumwa sakwanira, mpaka opaleshoni ina. Kupemphera pempherani, mwambo wa pakhomo chitani, koma khungu lisatemedwe.

Phiri wa ku Joni:
Ndamva. Koma ndiye bwanji sakudzuka, poti madokotala akuti zonse zili bwino?

Gogo Nangozo (Furancungo):
Ndalembetsa mdzukulu wanga, ine maso. Ndamvetsera zonse. Iwe Nachisale mwana wanga, ndikufunse. Pakhomo pakopo amene amawanyamula amayi ako ndani? Nanga chimbudzi chili pati?

Nachisale (Moatize):
Agogo, ine ndimachoka m'mamawa kupita kuntchito, ndiponso msana wanga suli bwino. Amene ali ndi mphamvu ndi bambo a kunyumba, iwo amagwira mashifiti kumgodi ndiye masana ena amakhalapo. Ndi munthu wabwino, amawanyamula ngati mayi awo. Chimbudzi chili panja, kudutsa pakhonde pamene iwo amakhala ndi anzawo.

Gogo Nangozo (Furancungo):
Basi nkhani ndi imeneyo. Iwe wakulira m'tauni eti? Mkamwini agwire apongozi ake m'chiuno? Awaone chitenje chitasefuka, akupita kuchimbudzi akutsimphina pamaso pa anzake? Ife a msinkhu uwu tinkapatukira kutchire tikakumana ndi mkamwini panjira, kudya naye mbale imodzi ayi. Amayi akowo sanamangidwe ndi munthu. Akufa ndi manyazi. Madzi akukanawo akuwerengera maulendo a kuchimbudzi. Sangakuuze, chifukwa akudya nsima ya mwamunayo ndipo akuona kuti akuwachitira zabwino.

Mai a Dalitso (Ulongwe):
Eeee agogo mwalasa. Apongozi anga aakazi anachita chimodzimodzi ndi amuna a mlamu wanga.

Nachisale (Moatize):
Mayo ine. Ndangokhala pansi. Tsiku lina bambo a kunyumba atawanyamula kupita nawo pampando, amayi anafunda chitenje kumutu mpaka madzulo. Ine ndinkati ndi ululu.

Chikondi wa Txopela:
Koma miyambo inayi itipha. Munthu afe ndi ludzu chifukwa cha mkamwini?

Gogo Nangozo (Furancungo):
Udzakalamba mwana iwe, udzaona chimene chimatsala ukalandidwa miyendo.

Nabanda (namwino):
Agogo atiphunzitsa chimene sukulu sinatiphunzitse. Ndipo za madzizo ndi zoopsa, poti tikulowa mu Okutobala, Moatize ndi Tete kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wozolowera mphepo ya ku Angónia, akumwa mankhwala a BP, osamwa madzi: akangoima chizungulire, n'kugwanso. Kudzimbidwa, matenda a m'chikhodzodzo ndi kusokonezeka mutu zimayambiranso pomwepo. Mkodzo uzikhala woyera, ukakhala ngati tiyi madzi achepa.

Chimbudzi chibwere kuchipinda. Pitani kwa kalipentala akupangireni mpando wa manja awiri olimba, wobowola pakati, ndowa yokhala ndi chivundikiro pansi. Kutalika kwake, akakhala mawondo asakwere kuposa chiuno. Izi n'zofunika kwa amene anaikidwa kamutu kachitsulo, chifukwa pa miyezi itatu yoyamba kamatha kuguluka: asanjute pachimbudzi chokumba, asakhale pamphasa kapena pakampando kafupi, asapingase miyendo, asawerame kutola chinthu pansi. Ngati matiresi ali pansi, akwere pabedi.

Nachisale (Moatize):
Bedi lilipo koma ndi lalifupi. Mphasa ndiye akuilira tsiku ndi tsiku, akuti pabedi pakuwatentha.

Aphunzitsi Jere (Tsangano):
Ikani njerwa kumiyendo ya bedi, koma zokhazikika bwino. Ine ndinatero.

Ndikuuzeni mmene anandiyambitsira a fisioterapiya, achipatala ophunzitsa kulimbitsa ziwalo aja, poti sizinali zodabwitsa. Ndili chigonere, kugwedeza mapazi m'mwamba ndi pansi ngati ukupalasa makina osokera. Kukanikiza bondo pamatiresi, kuwerenga mpaka 5, kumasula. Kufinya matako. Kakhumi kakhumi, katatu patsiku. Kenako kukhala pamphepete pa bedi, mapazi ali pansi, osafulumira kuima mpaka mutu ukhazikike. Kuima, kuwerenga mpaka 10, kukhala. Tsiku loyamba zinathera pomwepo ndipo ndinagona ngati ndalima ndime. Podzuka uzikankha ndi manja pabedi kapena pampando, osakoka andarilho, imakugwera. Poyenda, andarilho patsogolo, mwendo wodwala, kenako wabwino. Mukadzafika pa ndodo, igwiridwe ku dzanja la mbali yabwino, ambiri amalakwitsa pamenepa. Pa sitepe pokwera utsogoze wabwino, potsika utsogoze wodwala.

Ine ndinatenga miyezi isanu kuti ndifike kutchalitchi ndi ndodo. Mpaka lero kukazizira chiuno chimandiuza nyengo wailesi isananene. Njinga ndinasiya. Sindikunamizani kuti munthu umabwerera mwakale ndithu, ena amabwerera, ena amatsala ndi ndodo.

Koma pitani nawo kwa a fisioterapiya ku Tete akawaone okha, zanga ndi za mwendo wanga.

Mai a Dalitso (Ulongwe):
Pa zakudya, kapenta wa ku Cahora Bassa musinje pamodzi ndi minga yake muziika m'ndiwo, ndi wabwino ku mafupa. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi dzira. Malambe ali mbwee kwanuko, apangireni madzi ake, mwina amenewo angamwe kusiyana ndi madzi a pampopi ofunda.

Nabanda (namwino):
Zoona. Nyemba, mazira, mkaka, nyama ya mbuzi yofewa, chifukwa minofu simera ndi nsima yokha. Chikowa chokha, nsomba youma yamchere ija, samalani, mchere wake ndi BP sizigwirizana, muzichiviika nthawi yaitali. Aziwotherako dzuwa la m'mamawa, lisanapse. Ndipo mukapita kokaonetsa bala, pemphani awayeze BP atagona ndi ataima, komanso maso. Ng'ala imagwetsa agogo ambiri, pamene opaleshoni yake ndi yaifupi.

Phiri wa ku Joni:
Mlongo, amayi aang'ono a ku Calómuè sangabwere kudzakhala nawo? Transport ndilipira ine, nditumiza pa Mukuru Lachisanu. Za mphini ndasiya. Koma za munda tidzakambirana.

Nachisale (Moatize):
Ndawaimbira kale, akuti akwera chapa (minibasi) Loweruka. Zikomo achimwene.

Mlembi wa gulu:
Amene mukutumiza malonda a mafuta opaka "olumikiza mafupa" pansi pa nkhani ino, ndafufuta. Kachiwiri ndikutulutsani.

Nachisale (Moatize):
Abale, papita masabata atatu, ndabwera kudzanena mmene zilili.

Amayi aang'ono anafika. Usiku woyamba ndinawamva akunong'onezana mpaka nkhuku, kenako kuseka. Chigwereni ndinali ndisanamve amayi akuseka. M'mawa mwake amayi aang'ono anandikokera kukhitchini n'kundiuza zomwe zija ananena agogo Nangozo, mawu ake omwewo. Anawonjeza china chimene sindinkadziwa: m'chipatala usiku wina anadziipitsira pogona, wina wogwira ntchito anawakalipira pamaso pa anthu. Kuyambira pamenepo anaganiza zongochepetsa kudya ndi kumwa.

Bambo a kunyumba nditawafotokozera anangoti "bwanji osandiuza kale", n'kusamutsira mpando wawo ndi anzawo kuseri, pansi pa mtengo wa masau. Tsopano akamalowa amayamba aodira patali, amayi n'kukonza chitenje. Mpando wobowola kalipentala anapanga, poyamba unafupika, tinabweza akawonjezere miyendo.

Tsiku loyamba kuima analira, miyendo ikunjenjemera ngati mwana wa mbuzi wongobadwa. Amayi aang'ono sanawanyengerere ayi, ankangoti "akulu, mukandisiyira ndani maliro a kumudzi, imani." Pano akufika pakhonde ndi andarilho kawiri patsiku, dzulo anafika pageti n'kukalipira mwana wogulitsa tomato kuti ndi wodula, ku Dómuè amataya wotere. Kandalama ka kumsana kanazimirira. A fisioterapiya tapitako kawiri. BP inapezeka kuti imatsika akaima, adokotala asintha mankhwala. Diso lamanzere lili ndi ng'ala, atilembera tsiku.

Sikuti zonse zili bwino. Usiku amadzuka ndi mantha, ndipo pali masiku amene amakana ndithu, ife timangowasiya. Vuto latsopano ndi ili: akuti mvula ikagwa mu Novembala iwo akakhale ali kwawo, mbewu yawo ya chimanga cha makolo ili padenga la khitchini ndipo palibe wina akudziwa kusankha. Ndiwakanize?

Gogo Nangozo (Furancungo):
Usawakanize. Munthu amene wayamba kulira mbewu wabwerera. Koma khasu ayi.

Aphunzitsi Jere (Tsangano):
Ndagwirizana ndi agogo. Uwauze kuti chapa chimakwera munthu wofika yekha pamsewu, uona mmene alimbikire. Ine anandinyengerera ndi ukwati wa mdzukulu. Koma kumudziko kukonzedwe iwo asanafike. Miyala ya m'bafa ichoke, muike simenti yokhakhala, osati yosalala, ndi mtengo wolimba wogwirira, ndi mpando wosambirapo. Njira ya kuchimbudzi isalazidwe, mizu ndi zitsa zichoke, pakhale chingwe kapena mitengo yogwira. Tochi pafupi ndi pogona. Mapatapata otha aja atayidwe, apeze nsapato zogwira chidendene. Nkhuku ndi ana agalu pakhomo nazonso zimapinga. Kumunda apite akakhale pampando pamthunzi azilamula, ntchito imeneyo amaitha kale.

Nabanda (namwino):
Afunseni kaye adokotala a mafupa pa tsiku lokaonetsa, ndipo za diso zithe asanapite ngati n'kotheka. Ulendowo ndi wautali, makilomita opitirira 200. M'chapa mipando ya kumbuyo ndi yaifupi, mawondo amafika pachifuwa, imeneyo ayi. Lipirani mpando wakutsogolo, muike pilo, ndipo pa Mussacama atsike aimirire pang'ono. Kumudzi adzagona ndi ndani? Mwana wa sukulu yekha sakwanira. Mukafunsenso kwa mfumu kapena ku INAS, ofesi ya boma yothandiza ovutika, ngati analembedwa pa thandizo la okalamba.

Phiri wa ku Joni:
Simenti matumba angati aphunzitsi? Ndibwera pa Disembala koma bafa lisadikire ine. Mlongo, uwauze amayi ndiimba madzulo.

Aphunzitsi Jere (Tsangano):
Awiri akwana ngati mchenga uli pafupi. Mmisiri umuuze asapake chitsulo pomaliza, akokepo tsache simenti isanaume.

Nachisale (Moatize):
Amayi aang'ono avomera kukakhala nawo mpaka kukolola. Ndawawerengera amayi zonse mwalembazi. Akuti muwathokozere agogo a ku Furancungo, ati "ameneyo ndi munthu." Za aphunzitsi akuti mwamuna wa zaka 67 ankafunanji pamwamba pa nkhokwe, analibe adzukulu? Za khasu sanayankhe. Angofunsa ngati kalipentala uja angathe kufupikitsa mpini.